Mapepala a Sukulu Akadutsa Malire: Kuphunzira Kunja ndi Kuvomereza Maphunziro Akunja ku Mzimba

Satifiketi, dipuloma kapena digiri imalemekezedwa m'dziko limene inaperekedwa chifukwa malamulo a dzikolo amaiikira kumbuyo. Ikadutsa malire, ulemuwo sutsagana nayo wokha. Bwana wolemba ntchito kapena mkulu wa yunivesite wa dziko lina sadziwa sukulu imene yalembedwa papepalapo, sadziwa kulimba kwa mayeso ake, ndipo sangasiyanitse chidindo chenicheni ndi chosema pa rabala. N'chifukwa chake mayiko amakhazikitsa mabungwe ounika mapepala ochokera kunja ndi kunena mlingo wa kwawo umene mapepalawo akufanana nawo. Ntchito ina yoyandikana nayo ndi yothandiza ophunzira kupita kukaphunzira kunja ndiponso kulandira ochokera kwina. Ku Netherlands ntchito ziwirizi zili m'manja mwa bungwe limodzi la Nuffic, lomwe linakhazikitsidwa mu 1952. Ku Germany anazigawa: bungwe la DAAD limaona za kusinthana ophunzira, ndipo kuunika mapepala kuli ndi ofesi yakeyake. M'Malawi mulibe bungwe limodzi losenza zonsezi. Ntchitoyi inamwazikana m'maofesi angapo, ndipo munthu wofuna thandizo ayenera kuyamba wadziwa khomo loyenera kugogoda.

Nkhaniyi imakhudza Mzimba kuposa maboma ambiri. Bomali ndi lodziwika ndi ulendo wa ku Joni kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba mpaka lero, ndipo midzi ya kummwera kwake, monga ya ku Jenda, Embangweni ndi Edingeni, ili kufupi ndi malire a Zambia, kumene abale olankhula Chitumbuka chomwecho amakhala m'boma la Lundazi. Mapepala a sukulu amayenda ndi anthu amenewa, ena kutuluka, ena kulowa.

Mbiri yake

Maphunziro a sukulu anafika kwa Angoni a M'mbelwa atanyamulidwa ndi munthu wophunzira kunja. William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, anakhazikika ku Njuyu mu 1882 m'dzina la mishoni ya Livingstonia, ndipo chinenero chake chinamuthandiza kumvana ndi mafumu a Chingoni. Mu 1894 sukulu ya Overtoun inatsegulidwa ku Khondowe, ndipo mu 1902 Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni. Aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri otuluka m'sukulu za mishoniyi ankapeza ntchito mosavuta m'migodi ndi m'maofesi a ku Rhodesia, Tanganyika ndi South Africa. Nthawi imeneyo panalibe bungwe lounika mapepala. Dzina la mishoni ndi kalata ya m'mishonale zinkakwanira.

Zinthu zinkasintha munthu akafuna kukwera pamwamba. Nyasaland inalibe sekondale mpaka 1940 pamene Blantyre Secondary School inatsegulidwa, ndipo University of Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965. Ofuna digiri ankapita ku Fort Hare, monga Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, kapena ku Makerere, monga Kanyama Chiume. Chitsanzo chomveka bwino cha vuto la mapepala akunja ndi cha Hastings Kamuzu Banda. Iye anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, ku Tennessee m'dziko la United States, mu 1937. Koma pepala la ku America silinkapatsa munthu ufulu wogwira ntchito ya udokotala m'mayiko olamulidwa ndi Britain, choncho anayenera kukalowanso m'kalasi ku Edinburgh, kumene analandira ziphaso za ku Scotland mu 1941. Palibe amene ankakayika kuti Meharry inali sukulu yeniyeni. Chimene chinkasowa chinali mgwirizano wakuti boma lina likhulupirire mayeso a linzake.

Zimene ounika amafufuza

Kulikonse padziko, wounika pepala lakunja amafunsa mafunso atatu. Loyamba ndi lakuti kodi pepalalo ndi lenileni. Amalembera sukulu kapena bungwe la mayeso lomwe linapereka pepalalo kuti litsimikize dzina, chaka ndi zotsatira. Apa ndi pamene nthawi imathera, chifukwa sukulu zina siziyankha msanga.

Lachiwiri ndi lakuti kodi sukuluyo ndi yovomerezeka m'dziko lake. Funso limeneli ndi limene limagwetsa anthu ambiri osalakwa. Munthu akhoza kulipira fizi, kulowa m'kalasi zaka zitatu, kuvala mkanjo wa chikondwerero ndi kujambulitsa, koma ngati koleji yakeyo sinalembetsedwe ndi boma la dzikolo, kapena inalembetsedwa koma phunziro limene iye anatenga silinavomerezedwe, pepalalo silingayerekezedwe ndi china chilichonse. M'mizinda monga Johannesburg ndi Durban mwakhala mukutsegulidwa timakoleji tambiri tosalembetsa, ndipo boma la South Africa limachenjeza za timeneti chaka ndi chaka, makamaka mu Januwale sukulu zikamatsegulidwa. Mlendo amene alibe zikalata zokwanira zokhalira m'dzikolo ndi amene amakopeka msanga, popeza koleji yotere sifunsa zambiri.

Lachitatu ndi la mlingo: anaphunzira zaka zingati, analowa ndi mapepala otani, anaphunzira chiyani, ndipo pepalalo limamulola kuchita chiyani kwawoko. Mayina amasocheretsa. Mawu akuti dipuloma amatanthauza maphunziro a zaka zitatu kwina, pomwe kwina amaperekedwa kwa munthu amene waphunzira miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye chifukwa chake ounika safuna satifiketi yokha, amafunanso transcript, chikalata chosonyeza phunziro lililonse limene munthu anatenga ndi mmene anakhozera.

Makomo a m'Malawi

Mapepala a sekondale amapita ku Malawi National Examinations Board, MANEB, ku Zomba. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo ndilo limalembetsa mayeso a sitandade 8, a JCE ndi a MSCE. Mwana amene walemba matric ku South Africa, kapena Grade 12 ya Examinations Council of Zambia, akafuna koleji kapena ntchito kuno, zotsatira zake ziyenera kumasuliridwa m'kawerengedwe ka MSCE. Kawerengedweka kamayambira pa 1 kufika pa 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mayunivesite amafuna ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Mwana wobwera ndi maperesenti a ku South Africa sangadziwe mapointi ake mpaka ofesi itamuwerengera.

Madipuloma ndi madigiri amapita ku National Council for Higher Education, NCHE, ku Lilongwe, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Ntchito yake yaikulu ndi kulembetsa ndi kuunika mayunivesite ndi makoleji a m'dziko muno, komanso limagwirizanitsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Kuunika mapepala akunja ndi gawo limodzi la ntchitoyi. Wopempha amapereka makope otsimikizidwa a satifiketi ndi transcript, chiphaso chake, ndi ndalama yolipirira. Ngati mapepalawo ali m'Chitchaina, Chirasha kapena Chipwitikizi, ayenera kumasuliridwa kaye ndi womasulira wovomerezeka. Nzeru ndi kufunsa bungweli munthu asananyamuke, osati atabwerako, chifukwa funso lakuti sukulu yakutiyakuti ndi yovomerezeka kapena ayi limayankhika ndalama ya fizi isanatuluke m'thumba.

Kalata ya NCHE imanena kuti digiri ndi yeniyeni ndipo ili pa mlingo wakuti. Siipereka chilolezo chogwira ntchito zimene malamulo amaziteteza, ndipo apa ambiri amasokonezeka. Dokotala wophunzira ku China, Russia kapena India ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi ndi kugwira kaye ntchito moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha. Namwino ndi mzamba amadutsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Wophunzira zamalamulo kunja sangaimirire munthu m'khoti asanaonetse kuti amadziwa malamulo a Malawi, ndipo pali Malawi Institute of Legal Education yokonzekeretsa anthu otere. Owerengera ndalama, amisiri a zomangamanga ndi osakaniza mankhwala nawonso ali ndi mabungwe awoawo. Ena amaona ngati uku n'kuzunza munthu amene wavutika kale, koma pa zaumoyo chifukwa chake n'chomveka: dokotala amene anaphunzira kumene kulibe malungo, akafika pa chipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni, odwala malungo ndi amene adzamupeze pakhomo m'mawa uliwonse.

Kutuluka ndi mapepala a kuno

MSCE imabwera pambuyo pa zaka 8 za pulayimale ndi 4 za sekondale. M'mayiko otsata dongosolo la Britain imayerekezedwa ndi O-level, osati A-level, choncho mayunivesite ambiri a kumeneko salandira munthu mwachindunji ndi MSCE yokha, ngakhale atakhala ndi mapointi 6. Amafuna kuti ayambe wachita chaka chokonzekera, kapena akhale ataphunzirako kale ku yunivesite ya kuno. Ana a sukulu monga Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 ndipo imalembetsa mayeso a IGCSE ndi A-level, sakumana ndi chipupa chimenechi. Mwana wanzeru wa ku Mzimba Secondary School kapena Robert Laws Secondary School ku Embangweni amakumana nacho, ndipo kusiyanako sikuchokera m'mutu mwake.

Kwa anthu a ku Mzimba, bungwe lakunja lofunika kwambiri ndi South African Qualifications Authority, SAQA, ku Pretoria, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1995. Dziko la South Africa linasanja maphunziro ake m'magawo 10, ndipo matric ili pa gawo 4. SAQA imaunika pepala lakunja n'kunena gawo limene likugwera, ndipo kalata yake imafunidwa ndi olemba ntchito ambiri komanso popempha zilolezo zina zogwirira ntchito m'dzikolo. Wofuna kuyamba digiri ndi mapepala a sekondale yakunja amadutsanso ku Matriculation Board, pansi pa bungwe la Universities South Africa. Chodziwika n'chakuti Amalawi ambiri amene ali ku Joni ndi MSCE, ngakhale dipuloma ya uphunzitsi, amagwira ntchito za m'minda ya maluwa, za m'nyumba, za m'mashopu ndi zomanga, momwe palibe amene amafunsa pepala. Kalata ya SAQA siisintha zimenezi payokha, chifukwa si chilolezo chogwira ntchito. Imangothandiza munthu amene zikalata zake zokhalira m'dzikolo zili kale bwino.

Ku United Kingdom ntchito younika mapepala akunja imagwiridwa ndi UK ENIC, yomwe kale inkatchedwa UK NARIC mpaka mu 2021. Namwino wofuna ntchito kumeneko amalembanso mayeso a Nursing and Midwifery Council ndi a Chingerezi. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri a Malawi anadzera njira imeneyi, zipatala n'kutsala zopanda anthu, mpaka boma ndi mabungwe othandiza anayambitsa ndondomeko yapadera mu 2004 imene inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti. Nkhani imeneyi imaonetsa mbali ina ya kuvomereza mapepala imene sikambidwa kawirikawiri: pepala likamalandiridwa mosavuta kunja, dziko limene linalipirira maphunzirowo limataya anthu mosavutanso.

Mayiko ena amafunanso chidindo chotchedwa apostille, chotsimikiza kuti siginecha ndi chidindo za pachikalata ndi za ofesi yeniyeni. Malawi ali m'pangano la The Hague lokhudza chidindochi kuyambira 1967. Apostille siinena kanthu za mlingo wa maphunziro.

Mapangano a mayiko

Mu Sepitembala 1997, atsogoleri a SADC anasaina ku Blantyre pangano la maphunziro. Anagwirizana kulimbikitsa mayunivesite kusungira ophunzira a mayiko ena a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndiponso kuti m'kupita kwa nthawi ophunzira otere azilipira fizi yofanana ndi eni dziko. Ndiye chifukwa chake m'mayunivesite ambiri a boma ku South Africa Mmalawi amalipira fizi ya eni dziko, kungowonjezera ndalama ina ya alendo. Mu 2011 SADC inavomereza mlingo wa chigawo chonse wa magawo 10, woti dziko lililonse lilumikize wake. Kulumikizako kukuyenda pang'onopang'ono, ndipo mayiko amene ali ndi bungwe limodzi losunga mlingo wa maphunziro onse, monga South Africa ndi Zambia, yomwe ili ndi Zambia Qualifications Authority, ndiwo amapepukidwa pa ntchitoyi.

Pa Africa yonse panali pangano la Arusha la 1981, lomwe linalowedwa m'malo ndi la Addis Ababa la 2014. UNESCO inavomereza pangano la dziko lonse lapansi mu 2019, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2023. Mfundo yaikulu ya mapanganowa inatchuka ndi pangano la Lisbon la 1997 ku Ulaya: pepala lakunja likhoza kukanidwa pokhapokha wounikayo ataonetsa kuti pali kusiyana kwakukulu. Udindo wopereka umboni umachoka pa wophunzira n'kupita pa ofesi. Papepala mfundoyi ndi yabwino, koma imathandiza munthu pokhapokha dziko litalowa m'panganolo ndipo maofesi ake akuitsatira tsiku ndi tsiku.

Njira zopitira kunja

Popeza palibe bungwe limodzi lotumiza ophunzira, mwayi umalengezedwa m'malo osiyanasiyana: ku unduna wa zamaphunziro, ku nthambi ya boma yoona za ogwira ntchito m'boma, ku maofesi a akazembe, ndi m'mayunivesite. Thandizo la Commonwealth linayamba mu 1959, la Chevening mu 1983, ndipo la Fulbright la ku United States ndi la mu 1946. Beit Trust imathandiza anthu a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. China yakhala ikutenga ophunzira ambiri chiyambire ubale wake ndi Malawi kumapeto kwa 2007, ndipo India ndi Japan nawonso amapereka malo. Ubale wa Malawi ndi Scotland, umene unayambira m'mishoni, unalembedwa ngati pangano la maboma mu 2005.

Ambiri mwa mathandizowa ndi a digiri yachiwiri kapena yachitatu. Chevening, mwachitsanzo, imafuna munthu amene ali kale ndi digiri yabwino, wagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo akulonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Choncho khomo lenileni la kunja kwa mwana wa ku Champhira kapena Luwerezi limadzera ku Mzuzu University, University of Livingstonia, kapena mayunivesite a ku Zomba, Lilongwe, Blantyre ndi Thyolo. Malo m'mayunivesite a boma akhala ochepa nthawi zonse, ndipo njira ya quota yosankha potengera boma lochokera, yomwe inabwezeretsedwa mu 2009 n'kuthetsedwa mu 2020, anthu a kumpoto ankaidandaula kuti inkatsekereza ana awo okhoza bwino. Yunivesite ya boma imene mwala wake wa maziko unaikidwa pafupi ndi tauni ya Mzimba mu 2015, yoyamba kutchedwa Mombera kenako Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, yachedwa kwa zaka zambiri. Mabanja amene ali ndi wachibale wotumiza ndalama kuchokera ku Joni amatembenukira ku makoleji olipira a ku Zambia, Tanzania, India kapena South Africa, ndipo apa ndi pamene madobadoba amalowerera, kulonjeza malo ndi sikolashipu pa WhatsApp ndi Facebook, n'kufuna ndalama yoyambira. Thandizo lenileni la boma kapena la kazembe silipempha ndalama kudzera pa nambala ya foni ya munthu.

Mawu akuti kusinthana ophunzira nawonso amafunika kuwamva mosamala. Ophunzira udokotala ndi unamwino a ku Ulaya ndi America amabwera kudzakhala milungu ingapo pa zipatala za mishoni monga Embangweni ndi Ekwendeni, ndipo nthawiyo imawerengedwa pa maphunziro awo kwawo. Ulendo wobwezera, wa wophunzira wa kuno kupita kwawoko, ndi wosowa chifukwa cha mtengo wa ndege ndi kuvuta kwa visa.

Zopinga zapafupi

Zambiri zimene zimachedwetsa anthu a kummwera kwa Mzimba ndi zazing'ono. Choyamba ndi mtunda. Lilongwe ili pa makilomita opitirira 250 kuchokera m'tauni ya Mzimba, ndipo Zomba ili kutali kuposa apo. Munthu wa ku Khosolo kapena Mabiri ayenera kufika kaye pa msewu wa M1, ndipo akabwezedwa chifukwa cha kope limodzi lopanda chidindo, ndalama ya thiransipoti imapita pachabe.

Chachiwiri ndi mayina. Chiwongo chimodzi chimalembedwa Jere kuno koma Jele ku South Africa. Kalaliki wa sukulu ya ku Gauteng amalemba dzina la Chingoni m'kalembedwe ka Chizulu, pomwe la pa chiphaso cha unzika, chimene boma linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, lili m'kalembedwe ka kuno. Mtsikana amene kumudzi amadziwika ndi Nya kutsogolo kwa chiwongo akhoza kupezeka atalembedwa mwanjira ziwiri pa mapepala awiri. Chaka chobadwa chimasiyananso, makamaka kwa amene anachepetsa zaka pobwereza sitandade 8. Kwa wounika, chilembo chimodzi chosiyana ndi chokwanira kuimitsa fayilo mpaka patapezeka kalata yolumbirira. Vuto lalikulu ndi la munthu amene anaphunzira ku Joni pogwiritsa ntchito chiphaso chobwereka: luso ndi lake, koma satifiketi ili m'dzina la wina, ndipo palibe ofesi imene ingakonze zimenezo.

Chachitatu ndi kalendala. Chaka cha sukulu m'Malawi chimayamba mu Sepitembala, pomwe ku South Africa ndi Zambia chimayamba mu Januwale. Mwana wobwezedwa kumudzi pa Khirisimasi amapeza anzake atamaliza kale teremu yoyamba. Ku pulayimale mphunzitsi wamkulu ndiye amaona lipoti la mwanayo, kumuyesa pang'ono, n'kumuika m'kalasi imene akuona kuti ikumuyenera; nthawi zambiri amamubweza mmbuyo, makamaka ngati sadziwa Chichewa, chomwe ndi phunziro lolembedwa pa mayeso. Ana a m'midzi ya m'malire, kufupi ndi chipata cha Mqocha, amene ayamba sukulu mbali imodzi n'kupitiriza mbali ina, amakumana ndi zomwezi.

Gulu lina lalikulu ndi la obwerera ndi luso lopanda pepala: omanga, oika matailosi, owotcherera zitsulo, amakaniko ndi okonza magetsi amene anaphunzira ntchito ali pa ntchito pomwepo ku Johannesburg kapena Cape Town. Nyumba zambiri zamalata zokongola za ku Jenda ndi m'tauni ya Mzimba zinamangidwa ndi manja amenewa. NCHE ndi MANEB sangawathandize chifukwa alibe choti chiunikidwe. Khomo lawo ndi TEVETA, bungwe la maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, limene lili ndi ndondomeko yoyesa luso limene munthu analipeza kunja kwa kalasi. Mmisiri amayesedwa pogwira ntchito yeniyeni pamaso pa oyesa, monga kuyala njerwa mowongoka ndi chingwe kapena kulumikiza mawaya, ndipo akakhoza amalandira satifiketi yomuthandiza kupempha ntchito ku makampani omanga ndi m'maofesi a boma.